Kope la ejenti linandipezetsa fellowship ya malamulo a intaneti

Anthu akhala akundifunsa, ena pa WhatsApp ena tikakumana pa khonde la khothi, kuti ma fellowship a kafukufuku wa malamulo a intaneti munthu amalowa bwanji, ndiponso ngati amafuna wa PhD. Za PhD ndiyankhiretu: ayi. Ine ndili ndi digiri imodzi ya zamalamulo, ndipo pomwe ndinkapempha mwayiwu ntchito yanga inali kulemba makalata olonjerera ngongole ndi kuthamanga ndi mafayilo a milandu ya malo pa kampani ina yaing'ono ya maloya. Zinazo n'zazitali, ndiye pezani pokhala.

Fellowship ya kafukufuku ndi mgwirizano woti bungwe lizikupatsa ndalama kwa nyengo yoikika, kawirikawiri pakati pa miyezi itatu ndi chaka, kuti ufufuze nkhani imodzi n'kulemba zomwe wapeza. Mulibe mayeso, komanso si ntchito yokhazikika. Ikatha yatha, umabwerera komwe unali, kungoti dzina lako limakhala lili pa lipoti lomwe anthu ena aziwerenga.

Pali mipata ina yomwe silipira kafukufuku koma imakuphunzitsa ndi kukutengera ku misonkhano. ICANN, bungwe loyang'anira maina a mawebusayiti padziko lonse, yakhala ikulipirira anthu ulendo wa ku misonkhano yake kuyambira 2007. Internet Society ili ndi mapulogalamu a achinyamata ndi a anthu omwe angoyamba kumene ntchito. Kuno ku Africa kuli AfriSIG, sukulu ya masiku ochepa yomwe bungwe la APC linayambitsa ku Durban mu 2013, komwe mumakhala pamodzi maloya, atolankhani, akuluakulu a boma ndi amisiri a manetiweki n'kuyeserera kukambirana mfundo ngati momwe zimachitikira pa misonkhano ya maiko. Musainyoze mipata imeneyi. Anthu omwe mungakumane nawo kumeneko ndi omwewo amene tsiku lina adzawerenge pulopozo yanu.

Ndalama za kafukufuku weniweni zimachokera kwina. CIPESA ya ku Kampala ndi Paradigm Initiative ya ku Nigeria zakhala zikutenga ofufuza ndi atolankhani, ndipo zonse ziwiri zimatulutsa malipoti a pachaka ofuna munthu wolemba za dziko lililonse. La Paradigm Initiative limatchedwa Londa ndipo Malawi imakhalamo. Research ICT Africa ku Cape Town ndi CIPIT ya ku Strathmore University ku Nairobi ndi malo a kafukufuku omwe amalengeza mipata nthawi ndi nthawi. Kutsidya kwa nyanja kuli Mozilla Foundation, kuli Open Technology Fund yomwe ili ndi fellowship yofufuza za kutsekedwa kwa intaneti ndi ukazitape wa pa makina, komanso Berkman Klein Center ya ku Harvard. Ya ku Harvardyi dzina ndi lalikulu, koma werengani bwino za ndalama, poti kwa zaka zambiri ambiri opita kumeneko ankayenera kudzipezera okha zokhalira. Sikuti onsewa amatsegula chaka chilichonse. Boma la America litadula thandizo lakunja mu 2025 mabungwe ambiri anachepetsa mapulogalamu, ndipo Open Technology Fund inachita kupita ku khothi kuti ilandire ndalama zomwe aphungu a dzikolo anali atavomereza kale.

Ine khomo langa linali Lusaka. Mu September 2022 CIPESA inachititsa msonkhano wake wa pachaka, Forum on Internet Freedom in Africa, mumzinda umenewu, ndipo ndinaona kuti pafupi chonchi sipafunika kudikira wokugulira tikiti ya ndege. Ndinakwera basi kudzera ku Mchinji ndi ndalama za m'thumba mwanga n'kukagona kwa achibale. Mmalawi safuna viza polowa mu Zambia. Kumeneko ndinamva maloya a ku Zambia akufotokoza momwe WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwera pa tsiku la chisankho cha pa 12 August 2021, ndi momwe bungwe la Chapter One Foundation linakokera ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti ku Zambia, ku khothi pa nkhaniyi. A ku Kenya ankakamba za Huduma Namba, chiphaso chomwe khothi linaimitsa mu 2021 chifukwa boma silinayambe launika chiopsezo chake pa zinsinsi za anthu. Malawi ikatchulidwa, nkhani yake inali mtengo wa mabandulo basi, mwina ndi makina aja a CIRMS oyang'anira mafoni omwe anthu anawatcha a kazitape. Pa nthawi ya tiyi mayi wina wa bungwe lina anandiuza kuti akafuna wolemba za Malawi amangozungulira pa maina omwewomwewo. Apo ndi pomwe ndinadziwa kuti mpikisano wake si woopsa ngati momwe timaganizira tili kuno.

Chonsecho nkhani zoti n'kulemba tili nazo zambiri. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Electronic Transactions and Cyber Security Act komanso Communications Act yatsopano. Mu 2017 National Registration Bureau inalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa chiphaso cha unzika, ndipo mu 2018 aliyense analamulidwa kulembetsa simu yake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Kenako kunabwera Data Protection Act ya 2024, yomwe inayamba kugwira ntchito mu June chaka chomwecho n'kupatsa MACRA udindo woteteza zokhudza anthu zomwe makampani ndi boma amasunga. Malamulo onsewa anabwera m'zaka zosakwana khumi, koma olemba za momwe akugwirira ntchito pakati pa anthu ndi owerengeka.

Funso langa ndinalipeza pa kabenchi ka ejenti wa ndalama za pa foni. Aliyense amene anatapapo ndalama akulidziwa kope lija lachikuto cholimba, lokhala ndi mizere yojambula ndi rula, cholembera chitamangiriridwa ndi kachingwe. Umalemba dzina, nambala ya foni, ndalama zomwe watapa, pena ndi nambala ya chiphaso, kenako n'kusaina. Pamene ukusaina, maso ako amaona za anthu onse omwe abwera iwe usanafike: uyu watapa zingati, uyu nambala yake ndi iti. Tsono lamulo la 2024 limanena kuti zokhudza munthu zisungidwe motetezeka, zigwiritsidwe ntchito pa cholinga chomwe zinatengedwera, ndipo zisasungidwe kupitirira nthawi yoyenera. Limatinso zikabedwa kapena kutayika, wosungayo adziwitse MACRA pasanathe maola 72, ndipo amene akusunga zokhudza anthu oposa 10,000 alembetse ku MACRA. Mbali inayi, malamulo olimbana ndi kubisa ndalama zakuba, monga Financial Crimes Act ya 2017, amafuna kuti zolemba za kayendedwe ka ndalama zisungidwe kwa zaka zingapo. Nanga mayi wokhala pansi pa ambulera pa msika, pa malamulo awiriwa iye ndi ndani? Ndi mwini udindo, kapena akungosungira kampani? Kope likadzadza limapita kuti?

Pulopozo yanga inali imeneyo basi, masamba ochepa. Ndikuikira umboni kuti kuchepa kwa funsoli ndiye kunandipambanitsa, chifukwa mmodzi mwa osankha anadzandiuza yekha pambuyo pake. Mapulopozo ambiri omwe amalandira amakhala a mitu ngati ya kayendetsedwe ka AI mu Africa yense, kapena ufulu wa pa intaneti m'maiko a SADC. Mutu wotere uli ngati kufuna kulima maekala khumi ndi khasu limodzi mvula itayamba kale. Komanso pulofesa wa ku London kapena ku Johannesburg, yemwe ali ndi laibulale ndi omuthandiza, adzaulemba bwino kuposa inu. Chimene iye sangathe ndi kukhala pa benchi ku Lunzu kapena ku Mponela n'kucheza ndi ejenti m'Chichewa mpaka atakutulutsirani makope akale.

M'pulopozomo ndinayamba ndi funso lenilenilo m'ziganizo ziwiri, ndinatchula magawo a malamulo omwe akuwombana, ndinanena anthu omwe ndidzacheze nawo ndi momwe ndidzawapezere, ndipo ndinalonjeza zinthu zomwe munthu mmodzi angathe m'miyezi yomwe anapereka. Ndinaonetsanso kuti ndawerenga zomwe bungwelo linatulutsa kale, n'kuloza pomwe lipoti lawo lina linalekezera. Anapempha chitsanzo cha zolemba zanga, ndipo ndinatumiza nkhani ya maganizo yomwe inatuluka m'nyuzipepala, osati pepala la kusukulu lodzadza ndi Chilatini. Ngati simunalembepo kanthu kotuluka poyera, yambani pamenepo mwezi uno. Za makalata a umboni, pemphani munthu amene anaonapo ntchito yanu ndi maso ake, ngakhale akhale wopanda dzina lalikulu, ndipo mupatseni masabata angapo. Bwana wotchuka amene angalembe mizere itatu yoti ndinu wakhalidwe labwino sakuthandizani. Ndinenenso ichi ngakhale ena chiwawawe: pulopozo yolembetsa kwa ChatGPT imadziwika. Osankha amawerenga zambirimbiri zoyamba ndi mawu ofanana, zosalala bwino koma zopanda dzina la msika ngakhale umodzi.

Intavyu inali ya pa Zoom. Onetsetsani nthawi kawiri, poti Kampala ndi Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi pomwe Lagos ali m'mbuyo ndi ola limodzi. Ndinatchajiratu laputopu ndi foni, ndinagula mabandulo pa manetiweki awiri, ndipo ndinapempha chipinda kwa mnzanga yemwe ali ndi sola. Sanandifunse zambiri za malamulo ayi. Anakakamira pa chitetezo cha anthu ocheza nawo: ejenti akakuuza kuti amalembetsa masimu angapo pa chiphaso cha munthu mmodzi, iwe n'kulemba, bizinesi yake ikatsekedwa udzati chiyani? Mawu ojambula udzawasunga kuti, ndipo adzafufutidwa liti? Munthu wofufuza za kuteteza zinsinsi za anthu akalephera mafunso amenewa, basi wagwa.

Atanditenga, miyezi yoyambirira inathera pa chilolezo. Kuno kwathu kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za umunthu pa kafukufuku. Amene sali pansi pa yunivesite yokhala ndi komiti yake amapita ku National Commission for Science and Technology, yomwe ili ndi komiti ya kafukufuku wa zachikhalidwe cha anthu. Pamakhala ndalama yolipira popereka fomu, ndi ina ya 10 peresenti ya bajeti ya kafukufukuyo. Iikeniretu m'bajeti yanu kuyambira pachiyambi, ndipo auzeni a bungwe lakunjalo, chifukwa ambiri sadziwa kuti ilipo. Mafomu opempha chilolezo kwa ocheza nawo amafunika akhalenso m'chilankhulo chomwe iwo amamva. Ndi kalata ya komitiyo m'manja, ku khonsolo ndi kwa tcheyamani wa msika zinkayenda mosavuta. Popanda iyo, munthu wofunsafunsa za makope a ndalama amaoneka ngati wapolisi wovala zawamba kapena wakuba.

Ngakhale ndi kalatayo, maejenti sankamasuka tsiku loyamba. Njira yomwe inandithandiza inali kukhala kasitomala kaye, kutapa pang'ono lero, kuika pang'ono mawa, kenako n'kudzapempha kucheza nthawi ya masana pomwe anthu achepa. Mayi wina, titazolowerana, anandiitanira kunyumba kwake n'kukoka katoni ya sopo pansi pa bedi. Munali makope a zaka zingapo, ena atanyowa m'mphepete, ena ana atang'ambamo masamba opanda kanthu kukalembera kusukulu. Ndinawafunsa kuti mayi, makopewa mudzatani nawo? Anati, "Achemwali, kuwotcha ndimaopa, mwina tsiku lina adzawafuna. Kusunga malo atha. Inu aloya ndiuzeni." Ndinalibe yankho lachidule lowapatsa, ndipo funso lawolo ndi lomwe linakhala mutu wa gawo lalikulu la lipoti.

Ambiri mwa omwe ndinacheza nawo anali asanamvepo za lamulo la 2024. Ena ankakhulupirira kuti mauthenga achinyengo aja oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi amachokera kwa anthu osuzumira m'makope. Zimenezo ndinazilemba monga maganizo awo, osati monga chinthu chotsimikizika. Mlangizi yemwe bungwe linandipatsa, mayi wina wa ku East Africa amene anagwirapo ntchito yotereyi kwawo, anali ndi lamulo limodzi: chiganizo chilichonse chonena kuti chinthu chimachitika chikhale ndi pomwe chaimira, kaya ndi gawo la lamulo, chigamulo cha khothi kapena mawu a munthu amene unacheza naye. Zolemba zanga zinkabwerera zitafiira ndi ndemanga. Kwa ine maphunziro enieni a fellowship yonse anali ndemanga zimenezo, kuposa misonkhano ya pa Zoom ya mwezi ndi mwezi yomwe nthawi zina inkangokhala yopatsana moni.

Ndinayesanso lamulo la ufulu wopeza uthenga. Limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndipo Malawi Human Rights Commission ndiyo imayang'anira kuti likutsatidwa. Ndinalembera maofesi angapo. Ina inayankha bwinobwino, ina inati bwana ali ku msonkhano ku nyanja, ina sinayankhe n'komwe. Sungani kope la kalata yanu lokhala ndi chidindo cha tsiku lomwe analandira. Kusayankhako nakonso kumalowa m'lipoti, malinga muli ndi umboni woti munafunsa. Zigamulo za makhothi akuluakulu ndinkazipeza pa MalawiLII mwaulere.

Tsopano za ndalama, zomwe ambiri amafunsa monong'ona. Walira mvula walira matope. Ndalamazo zikatchulidwa m'madola zimamveka zambiri, ndipo poyerekeza ndi malipiro a loya wongoyamba kumene n'zambiridi. Koma sizinkabwera ngati salale. Zinkabwera m'magawo, gawo lililonse ukapereka ntchito yomwe munagwirizana, ndipo gawo lina linachedwa kwambiri chifukwa cha mafunso a mabanki apakati. Lendi sadikira zimenezo, choncho musasiye ntchito yanu musanaone ndalama yoyamba. Ine ndinapempha tchuthi chosalipidwa cha masiku ena pa sabata, ndipo bwana anavomera nditamulonjeza kuti dzina la kampani silidzaoneka paliponse m'lipoti. Funsani banki yanu za akaunti ya ndalama zakunja musanasaine mgwirizano, apo ayi madola anu adzasinthidwa tsiku lomwe afika pa mtengo wa banki, pomwe mitengo ya mafuta, malo ogona ndi laputopu ikutsatira mtengo wina womwe tonse tikuudziwa. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola, ndiye bajeti ya ulendo wa kumidzi ilembeni m'madola. Funsaninso ngati mgwirizano wanu ukutchedwa thandizo kapena ntchito ya ukatswiri, chifukwa nkhani ya msonkho imadalira pamenepo.

Za maulendo ndingoti pasipoti ikhale yokonzeka musanapemphe n'komwe. Tonse tikukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pomwe kusindikiza mapasipoti kunaima, mtsogoleri wa dziko n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa kompyuta alowerera makina.  Ku America ndiye kwavuta: mu August 2025 Malawi ndi Zambia anakhala maiko oyamba omwe nzika zake zinauzidwa kupereka chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 pa viza ya alendo ndi ya bizinesi. Pa chifukwa chimenechi, fellowship yokulolani kugwirira ntchito kunyumba kapena mu Africa momwe muno ndiyo ndingakulimbikitseni kuyamba nayo.

Werenganinso gawo la mgwirizano lonena za umwini wa zolemba. Langa linkalola kuti ndigwiritsenso ntchito zomwe ndapeza, choncho kupatula lipoti la Chingerezi ndinakonza kapepala ka tsamba limodzi m'Chichewa, kofotokoza zinthu zosavuta monga kuphimba mizere ya pamwamba ndi kakatoni pomwe kasitomala akusaina, ndi kusunga makope odzadza pamalo okhoma. Ndinakagawira maejenti omwe ndinacheza nawo. Bungwe silinandipemphe zimenezi, koma ndinkaona kuti n'kupanda ulemu kutenga nthawi ya anthu n'kukalemba zinthu zoti awerenge a ku Geneva okha.

Lipoti litatuluka sindinalemere, ndipo ndikadali pa kampani yomwe ija. Chomwe chinasintha n'chakuti makampani angapo ang'onoang'ono anayamba kubwera kudzafunsa momwe angatsatire lamulo la 2024, ndipo bwana ntchito zimenezo amandipatsa ine. Mabungwe ena awiri anandipemphanso kulemba gawo la Malawi m'malipoti awo.

Kuti mudziwe mipata ikatseguka, lembetsani makalata a pa imelo a CIPESA, Paradigm Initiative, APC ndi Research ICT Africa, ndipo muziwatsatira pa LinkedIn, poti nthawi yotumiza pempho imakhala yaifupi. Fellowship yeniyeni sikupemphani ndalama ya fomu. Wokuuzani kuti mutumize kaye kenakake kuti dzina lanu lidutse ndi wakuba.

Mitu yomwe ikudikira munthu ilipo. Pulogalamu ya AIP, yomwe inayamba mu 2020, inkagwiritsa ntchito chiphaso cha unzika pogula feteleza wotsika mtengo, ndipo nkhani za mavenda otolera ziphaso za alimi zakhala zikutuluka m'nyuzipepala. Wina akhale pansi ndi alimiwo n'kuona kuti lamulo la 2024 likuwateteza motani. Kuli kaundula wa mabanja olandira Mtukula Pakhomo, kuli zolemba za odwala zomwe zikusamukira m'makompyuta m'zipatala. Koma womwe ndikanautenga ine ndikanakhala ndi mpata wina ndi wa gawo 87 la lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lonena za mauthenga osowetsa mnzako mtendere, lomwe chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Mu July 2025 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linathetsa gawo 200 la Penal Code lomwe linkachititsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wa upandu, koma lamulo la 2016 chigamulocho sichinalikhudze. Milandu ya anthu omangidwa chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook kapena kutumiza pa gulupu ya WhatsApp imathera m'makhothi a majisitireti, ndipo zigamulo za kumeneko sizifika pa intaneti kawirikawiri. Pakufunika munthu woti ayende khothi ndi khothi, apemphe kuona kaundula wa milandu, awerenge kuti omangidwa anali ndani, wodandaula anali ndani, ndipo milanduyo inatha bwanji.